Chigololo Chimene Sindinachite

Senderani kuno pamphasa, inu muli kumapetoko bwerani pafupi, mawu anga masiku ano safika patali. Mtedzawo musaleke kusenda, manja azigwira ntchito makutu ali kuno.

Ine ndinabadwira kwa Kambombo, koma ukwati wanga woyamba unali kwa Chikwa. Kwathu kuno mkazi akalowoledwa amapita kwa mwamuna, ndipo ana amene wabereka ndi a kuchimuna. Mimba ndi yako, ululu ndi wako, bere ndi lako, koma mwana akadwala sunganene wekha kuti ndipita naye uku kapena uko. Amanena ndi eni ake.

Zinali zaka zija Chitaganya cha maiko atatu chitangoyamba kumveka m'kamwa mwa anthu. Mwamuna wanga anali ku migodi, ndipo mvula inali itagwa kangapo iye osaoneka. Anandisiya ndi mwana mmodzi wamkazi, amene panthawiyi anali wa msinkhu woguluka mano akutsogolo. Pakhomopo panali apongozi anga, amake a mwamuna wangayo, mayi wamasiye wouma ngati mtengo wa tsanya. Panalinso alamu anga, mkulu wake wa mwamuna wanga, amene ankayang'anira khomo lonse.

Mwana wangayo anali wosakhazikika. Ndiye ankapirikitsa anyani kumunda, akukuwa mpaka mawu kusasa. Chilimwe china, dzuwa lija lophika nthaka, anayamba kudandaula mutu. Thupi moto. Ndinati ndi malungo, ndinamufukiza masamba, anakhalako bwino, kenaka anagwanso. Masaya anayamba kutupa, mapazi nawonso. Koma chimene chinandiopsa ndi tulo. Tsiku lina ndinamupatsa chinangwa chootcha ine nkupita kukatunga madzi. Pobwera ndinamupeza ali chikhalire padzuwa, mutu uli pachifuwa, chinangwa chili m'kamwa chosatafuna, nyerere zikukwera pachibwano. Ndinamugwedeza, anatsegula maso, nkundiyang'ana ngati ndine mlendo.

Masiku omwewo kunabwera munthu wa zachipatala pa njinga, wotumidwa ndi boma kuti azipapasa anthu m'khosi. Mudzi wonse unathawira kuthengo, poti kunali mbiri ya abanyama, anthu amene ankati amapopa magazi athu kukagulitsa kwa Azungu. Ine sindinathawe. Sikuti ndinali wolimba mtima ayi, koma mwana anali m'tulo ndipo anali wolemera. Munthuyo anagwada, namupapasa kuseri kwa makutu ndi m'khosi, nkutenga chala changa kuti nane ndimve. Munali timibulu ngati nzama.

"Mama, uyu ndi kaodzera," anatero. "Matenda a kashembe, ntchentche ija yoluma. Mankhwala ake ine sindiyenda nawo, ali ku chipatala ku Lundazi. Mumunyamule mvula isanagwe. Ikagwa, mitsinje idzatseka njira, ndipo mwanayu sadzafika pokolola."

Ine ndinamukhulupirira pomwepo, chifukwa ndinali nditazionapo. Ndili mtsikana kwa Kambombo, amalume anga anagona tulo totere. Anawanyamula kupita nawo ku chipatala kumtunda, nabwerako akuyenda ndi miyendo yawo. Mnzawo amene ankasaka naye nyama anakana kunyamulidwa, ndipo tinamulira.

Anthu atabwerako kuthengo ndinapita kwa apongozi, ndinagwada chapatali monga mwa mwambo, nkuwauza zonse.

"Ntchentche?" anatero apongozi. "Kashembe watiluma tonse chibadwire. Ine msana wonsewu ndi zipsera zake. Nanga bwanji ine sindigona ndi chakudya m'kamwa? Iwe mkamwana, usandipusitse. Tayang'ana masayawo. Tayang'ana mapazi. Uwu ndi mdulo."

Inu ana a manje mwina mdulo simuudziwa. Akuluakulu ankati mkazi akagona ndi mwamuna wa kunja, ndiye nkuthira mchere m'ndiwo, mwana akadya ndiwozo amadulika: amatupa nkhope ndi miyendo, amafooka, amafa. Ndipo mankhwala ake sagwira pokhapokha wolakwayo aulule, amutchule mwamunayo, ndiye amudyetse mwana mankhwala osakaniza ndi mchere, ndi dzanja lake lomwe. Apongozi sanazipeke okha zimenezi. Anakula nazo, anaona ana akutupa, anaona amayi akuulula. Ndiye pamaso pawo panali mkazi wachitsikana, mwamuna wake ali kutali zaka, mwana ali wotupa. Akanaganiza chiyani china?

Ndinalumbira. Ndinatchula Mulungu, ndinatchula manda a atate anga, ndinati mphezi inding'ambe. Koma ndikalumbira kwambiri, iwo ndiye ankatsimikiza kwambiri, ati wosalakwa safuula choncho. Ndikati tiyeni ku Lundazi, ati ukufuna mwana akafere kutali kuti manyazi ako akakwiririke naye. Anandiletsa kukhudza mchere. Mwana anamutengera m'nyumba mwawo, ine nkumamuonera pakhomo.

Ndinapita kwa alamu. Ndinawapeza pamthunzi akusema mpini. Iwo anali atakhalako ku migodi, ndipo phazi lawo linasokedwa ku chipatala mwala utaliphwanya. Ankakonda kuonetsa anthu chipseracho pamowa.

"Alamu, inu chipatala mumachidziwa," ndinatero.

"Ndimachidziwa, mlamu. Pakanapanda icho phazi ili bwenzi kulibe."

"Mwana wa mng'ono wanu akufa m'nyumbamo."

"Ndikuona. Munthu wa njinga uja sananame, kaodzera ndinamuonapo. Kunena zoona mwanayu ayenera kupita."

Ndinasendera pafupi. "Ndiye tinyamuke mawa?"

Anayang'ana mpini wawo, nautembenuza uku ndi uku. "Amama akana. Ine ndikamunyamula amama atakana, nkufera panjira, adzati wapha ndani? Mudzi wonse ukuti mdulo. Ndidzayenda bwanji pakati pa anthu? Mng'ono wanga ndidzamuuza chiyani?"

"Nanga akafera m'nyumba mudzamuuza chiyani?"

"Akafera m'nyumba palibe adzandifunse."

"Alamu, ndevu zanuzi ndi za munthu kapena ndi za chimanga?"

Anaseka, poti ine ndi iwo tinkasereulana, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Ukawatembenuza amama, ine machila ndimanga tsiku lomwelo," anatero, nabwerera ku mpini wawo.

Ndinaganizapo zomuba mwana wanga ndi kuthawa naye. Koma njira ya ku Lundazi si ya kumunda. Ndi ulendo wa masiku, m'nkhalango ya tsanya mopanda mudzi, mwa njovu ndi mikango, ndipo kumapeto kwake kuli chitunda chimene ngakhale mwamuna wosanyamula kanthu amakwera akupumira. Mwana wa msinkhu uja kumbuyo kwanga, tikanagona tonse panjira. Ndinkafunika amuna onyamula machila, amunawo ankadikira mawu a alamu, alamu ankadikira mawu a amawo, ndipo amawo ankadikira kuti ine ndiulule.

Mitambo inayamba kusonkhana cha ku mapiri. Masana kunkamveka kugunda kutali. Anthu anali atatentha kale zinyalala m'minda, mbewu zili chire. Ndinadziwa kuti dontho loyamba likangogwa, mwamuna aliyense adzathamangira kukabzala, ndipo wonyamula machila sadzapezeka. Ndinaleka kudya. Ndinkakhala pakhomo pa apongozi kuyambira m'mawa, kumvetsera ngati mwana akupuma.

Ndiye ndinaganiza chonchi: anthu awa akufuna chigololo, ndiwapatse chigololocho. Achite mankhwala awo, aone okha kuti sanagwire, ndiye adzandilola. Dzina langa ndi chiyani poyerekeza ndi mwana?

Ndinapita kukagwada. Apongozi anaitana amayi awiri achikulire, aja olangiza atsikana, kuti akhale mboni. Ndinati, "Amama, ndinalakwa."

"Ndi ndani?"

Apa ndiye panali povuta. Ndikanatchula mwamuna wa m'mudzimo, bwenzi nditapasula banja la munthu wosalakwa, mwina ndi mikondo yomwe ikanatuluka. Ndinati, "Ndi munthu wapaulendo. Wogulitsa makasu, wochokera kutsidya kwa Luangwa."

Munthu ameneyo kunalibe, ana inu. Ndinamuumba pomwepo ndili chigwadire.

"Wamtali?" anafunsa mmodzi wa amayi aja.

"Wamtali."

"Woderako khungu?"

"Eya, woderako."

Apongozi anawomba m'manja. "Ndinamuona! Uja wa chipewa chong'ambika, anapempha madzi akumwa apa, maso ali pa mkamwana wanga. Mtima wanga unandiuza tsiku lomwelo!"

"Ine anandigulitsa khasu lopindika," anatero winayo. "Ndinadziwa kuti si munthu wabwino. Koma iwe mwana iwe, amuna onsewa, nkusankha wamakasu? Anakupatsako ngakhale limodzi?"

"Sanandipatse."

"Ha! Waona? Walima munda wa eni, khasu nkupita nalo!"

Anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine ndinkangowayang'ana. Munthu amene ndamupanga ine ndi pakamwa panga, iwo anamuona, anamupatsa madzi, anagula khasu lake. Ndipo sankanama ayi. Ukanawayang'ana m'maso ukanaona kuti akumukumbukiradi.

Tsiku lomwelo anakumba mizu, anaitentha m'phale, anasakaniza ndi mchere. Anandilowetsa m'nyumba. Mwana wanga anali atatha, nthiti zili pamtunda, nkhope yokha ndiyo yonenepa. Ndinaviika chala m'phalemo, ndinamupaka palilime. Ananyambita pang'ono maso ali chitsekere, nkugonanso.

Ndinadikira kuti dzuwa lituluke kangapo. Mwana sanasinthe. Ndinati, "Amama, manje tipite ku Lundazi?"

"Kukatani? Matenda tawapeza, mankhwala wadya. Manje tidikire. Mdulo wa nthawi yaitali suchoka msanga, unachedwa kuulula ndiwe."

Ndinatuluka, ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe. Ndinali nditataya dzina langa m'madzi, osapha ngakhale kansomba. Kale apongozi ankangoganiza kuti ndi mdulo. Manje anali ndi umboni, ndipo umboniwo ndinawapatsa ndine. Uthenga unali utapita kale kwa mwamuna wanga kudzera mwa munthu wina wopita ku migodi. Kuchitsime akazi anzanga ankati ndikafika, wina afunse mnzake kuti, "Kodi makasu akugula bwanji chaka chino?" Alamu, amene ndinkadalira, anayamba kundilambalala. Nawonso anali atakhulupirira, ndipo za munthu wa njinga uja anaziiwala.

Koma panasintha chinthu chimodzi chimene sindinachiyembekezere. Apongozi anafewa nane. Anandilola kugona m'nyumba mwawo pafupi ndi mwana. Ankandisiyira chakudya, nkumandikakamiza kuti ndidye. Tsiku lina anati, "Iwe ndiwe munthu, mkamwana. Ena amaika mwana m'manda ali kukanabe. Iwe wasankha mwana." Chikwatiwire pakhomo paja sanandilankhulepo choncho. Pamene ndinali wosalakwa ankandida; nditakhala wachigololo anayamba kundikonda.

Tinkamusamalira awiri. Mwana anayamba kudzinyowetsa, manja kunjenjemera, thupi lonse kudzikanda mpaka magazi. Phala tinkachita kumutsegula pakamwa. Ine za Lundazi ndinasiya kunena. Mawu anali atandithera, ndinali nditanena onse, oona ndi abodza omwe.

Masana ena kunatentha koopsa, mphepo itaima, kumwamba kwadera. Tinamutulutsa mwana pakhonde kuti apeze mpweya. Apongozi ankamupaka mafuta a nsatsi kumapazi, ine ndikumukupiza ndi lichero. Mwadzidzidzi apongoziwo anayamba kulankhula, osandiyang'ana, ngati akulankhula ndi mapaziwo.

"Chitsiriziro changa anapita ku migodi asanakwatire," anatero. Ankanena mng'ono wake wa mwamuna wanga, amene ine sindinamuone, ndipo dzina lake silinkatchulidwa pakhomopo. "Anadwala chifuwa. Anzake anamutengera ku chipatala. Kuno kunabwera bulangete ndi nsapato. Ndinafunsa kuti mwamuika pati, ati kumanda a kampani, amama, ndi ambiri kumeneko, sitingadziwe. Amandibwerera kutulo. Amati amama, andigoneka pakati pa anthu amene sindimva chilankhulo chawo." Anasisita phazi la mwanayo. "Uyu akapita, apitire pano. Ndidziwe pokasesa."

Lichero linaima m'manja mwanga. Masiku onse aja ine ndinkalimbana ndi mdulo, ndinkalimbana ndi ntchentche, ndinkawauza za amalume anga amene anachira. Iwo ankamva za chipatala nkuona bulangete ndi nsapato. Ndipo ndinazindikiranso kuti mayiwa akuona zimene ine ndikuona. Anali atadziwa kuti mankhwala awo alephera. Sankadikiranso kuti mwana achire.

Ndinafuna kufuula kuti ndiye bwanji mukumupha, wamakasu uja kulibe, mdulo kulibe. Mawuwo anafika pakhosi. Ndikanawatulutsa, bwenzi atanditsekera kunja kachiwiri, ndipo ulendo uno mpaka maliro. Ndinawameza.

"Amama," ndinatero, "mdulo munauchotsa inu, ndinaona ndi maso anga. Koma ine nditagumula mpanda, fisi analowa. Mpanda mwamanga, fisiyo akadali m'kati. Ndiye matenda a ntchentche aja."

Sanandidule mawu, ndiye ndinapitiriza.

"Sindikupempha kuti mundipatse mwana. Ine ndinamulakwira kale, musandipatse. Tiyeni tonse, mumugwire ndinu. Akatisiya panjira, kapena kumeneko, machila omwewo abwerera naye kuno. Amuna akatopa ndidzanyamula ndine. Sadzagona kwa alendo."

"Azungu amabweza mtembo?"

"Sindikudziwa, amama. Koma tikakaona kuti mpweya ukutha, tidzamutulutsa osatsanzika munthu."

"Iwe ungathe zimenezo? Kumuba m'manja mwa Azungu?"

"Ndinatha kugona ndi wamakasu, ndingalephere kuba mwana wanga?"

Anandiyang'ana, kukamwa kwawo nkugwedera ngati afuna kuseka kapena kulira. Anapukuta mafuta m'manja ndi nsalu yawo, anaimirira, nafuula mawu amene anamveka mudzi wonse.

"Iwe! Ukhala ukusema mipini mpaka mwana afe? Kadule mtengo wa machila!"

Alamu anabwera akuthamanga, kasemasema ali m'manja. "Amama, ine ndakhala ndikunena kuti mwanayu apite."

"Unkanena kwa ndani? Kwa mpini?"

Tinanyamuka m'mawa mwake. Onyamula anali alamu ndi azilamu awo, abale a mkazi wawo. Anamanga bulangete kumtengo, mwana nkumugoneka m'menemo. Apongozi ankayenda pambali dzanja lili pamachila, osalichotsa, ndipo amuna akafulumira iwo ankathamanga, mayi wa imvi mutu wonse. Mapazi awo anang'ambika. Tinkawamanga ndi luzi ndi masamba, iwo nkumati, "Mukuchedwa ndi mapazi anga, odwala ndi mapazi?"

Mvula inatipeza tili pakati pa nkhalango. Inagwa ngati ikubwezera ngongole ya chilimwe chonse. Tinafika pa mtsinje wina umene masiku onse umakhala mchenga wokhawokha, tinaupeza wofiira, ukukokolola zitsa. Amuna anaika machila pansi, nati tidikire madzi aphwe. Ine ndinayang'ana kumtunda kumene madziwo ankachokera, kunali kwakuda bii. Ndinadziwa kuti saphwa, awonjezeka. Ndinagwada m'matope pamaso pa alamu, ndinagwira phazi lawo losokedwa lija. Apongozi sanapemphe munthu. Anakwinya nsalu yawo, analowa m'madzi okha ndi ndodo, mpaka madzi anawafika m'chifuwa. Amuna anachita manyazi. Ananyamula machila pamitu, tinawoloka titagwirana.

Titakwera chitunda, nyumba za malata za ku boma zikuonekera patali, mmodzi wa onyamula anakana kupitirira. Anati iye ali ndi ana, sangakadzipereke yekha kwa abanyama. Anatsala pamudzi wina wa m'njira. Mtengo wake ndinausenza ndine, paphewa ili, mpaka pakhomo pa chipatala.

Kuchipatalako anamutenga magazi, kenaka anati afuna madzi a mumsana. Anamupinda mwana ngati kamwana ka m'mimba, anatulutsa singano yaitali. Apongozi ataona madzi oyera akudontha kuchoka mumsana wa mdzukulu wawo, anakuwa, "Akumupopa! Mkamwana, nyamula tizipita!" Anamugwira mwana mwendo. Ine ndinawagwira m'chiuno. Tinalimbana pamenepo, ine ndi apongozi anga, anthu amene mwambo sutilola ngakhale kudyera mbale imodzi. Ndiye ululu wa singano ija unamudzutsa mwana, analira, "Ambuya!"

Anali atakhala nthawi yaitali osatchula munthu. Apongozi anasiya mwendo uja, anazungulira kumutu, namugwira masaya. "Wandiitana," anatero. "Alimo. Pitirizani, inu a singano, koma ine ndili pompano, ndikukuonani."

Mankhwala ake anali a jakisoni wa mumtsempha, ndipo anali aukali. Masiku ena mwana ankaoneka woipirapo kusiyana ndi mmene tinabwera naye. Tsiku lina anakomoka, thupi likugwedezeka, ndipo apongozi anayala bulangete la machila pansi. Ndinadziwa chimene akundikumbutsa. Ndinati, "Mpweya ulipo, amama. Ikani dzanja apa." Anaika. Tinakhala choncho, dzanja lawo pachifuwa cha mwana, langa pamwamba pa lawo, mpaka kugwedezeka kunaleka.

Alamu ndi anzawo anabwerera msanga kukabzala, mitsinje isanatsekeretu. Ife tinatsala dzinja lonse. Tinkasinthana: wina ali ndi mwana, wina akupalira m'minda ya anthu a kumeneko kuti atipatse ufa. Chimanga chitayamba kumasula, mwana anakhala tsonga yekha. Anayang'ana uku ndi uku, nafunsa kuti anyani akuwapirikitsa ndani kumunda. Apongozi anatuluka panja, ndinawamva akulira kuseri kwa nyumba ngati pamaliro.

Tinabwerera kumudzi mvula itatha, mwana akuyenda pang'ono, pena ndikumubereka. Tinapeza mwamuna wanga atafika. Sanandimenye. Anakhala pampando, ine pansi, ndinamuuza zoona zonse, kuti wamakasu uja ndinamupeka kuti mwana apite ku chipatala.

"Unamupeka?" anatero. "Munthu amene amama anamupatsa madzi? Amene anagulitsa khasu m'mudzi muno? Anthu onsewa anamuona, iwe wekha ndiye ukuti kulibe?"

Ndinathamangira kwa apongozi. Mumtima ndinati dzinja lonse tagona mphasa imodzi, tadyera mbale imodzi, andimvera. Ndinagwada, ndinati, "Amama, ndiuzireni mwana wanu. Ine sindinagone ndi munthu. Ndinanama."

Ananditseka pakamwa ndi dzanja lawo, maso ali ndi mantha enieni. "Chete! Usabweze mawu. Unaulula, mwana wachira. Ukayamba kukana manje, ufuna adwalenso? Ndakukhululukira kale ine, mwana wanga. Usanamenso."

Ndinayang'ana mwana wanga ali pabwalo akuthamangitsa nkhuku, akugwa, akudzuka. Mlandu wa wamakasu ndinausenza kuyambira pomwepo.

Mwamuna wanga anandibweza kwathu kwa Kambombo chaka chomwecho. Mwana anatsala, poti ndi wa kuchimuna. Tsiku lochoka apongozi anandiperekeza mpaka kumtsinje atandisenzera mtolo wanga, chinthu chimene mpongozi sachitira mkamwana.

Mwamunayo anabwerera ku migodi, anakwatira mkazi wa kumeneko, ndipo kwa Chikwa ankangobwera pamaliro. Sindinaonanenso naye.

Alamu anakalamba akuuza anthu kuti mwana uja anamupulumutsa ndi iwo, ati anakakamiza amawo mpaka analola. Sindinawatsutse, poti chitunda chija anakweradi ndi machila paphewa. Ndiponso chaka chilichonse anthu akakolola, iwo ndiwo ankabwera naye mwana kwa Kambombo kuti adzakhale nane mpaka nthawi yososa.

Amene ankawatuma anali apongozi. Anamulera mwanayo okha, ndipo ankati akamva mkazi wina akundinyoza kuchitsime, ankamutukwana mpaka kwa amake. Wina akadwala tulo tija m'mudzimo, iwo ndiwo ankayamba kufuula za machila, koma ankati poyamba afufuze kaye ngati pakhomopo palibe woti aulule. Anamwalira akudziwa kuti ndinachita chigololo.

Ine ndinakhala kwa amayi anga zaka zingapo, mbiri ija itanditsatira, amuna akundiopa. Kenaka anabwera ambuya anu aamuna, munthu wamasiye wa ana awiri. Ndinawauza nkhani yonse tisanakwatirane. Anamvetsera, nati, "Kaya analipo kaya kunalibe, ine makasu ndili nawo anga." Ndi iwo ndinabereka atate anu.

Mwana uja ndiye azakhali anu a ku Chifunda. Dzanja lawo lamanzere limanjenjemera mpaka lero, ndipo akamalankhula amachedwa kupeza mawu, ndiye musamawaseke. Anabereka ana, manje ali ndi adzukulu. Za ulendo wa ku Lundazi sakumbukapo kanthu.